Wailesi ikasintha nambala, womvera wa ku Bowe asatsale m'mbuyo

Wailesi ya Yetu, yomwe imaulutsa mawu kuchokera ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa, idayamba ntchito yake m'chaka cha 2018 pa nambala ya 107.6 FM, koma pambuyo pake idasamukira pa 99.1 FM.

Wailesiyi si yokhayo yomwe idasamukapo chotere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, bungwe loyang'anira ntchito zofalitsa mauthenga m'dziko muno la MACRA lidagwira ntchito yogawanso nambala za FM, ndipo nyumba zambiri zoulutsira mawu, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, zidapatsidwa nambala zatsopano.

Kwa munthu wokhala m'tauni, nkhaniyi ndi yaing'ono chifukwa nambala yatsopano amaiona m'nyuzipepala, pa zikwangwani kapena pa Facebook. Koma kwa mlimi wa ku Bowe ndi midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, yemwe amadalira wailesi kuti amve za nyengo, mitengo ya mbewu ndi mauthenga achisoni, kusintha kotereku kukhoza kutanthauza kuti wailesi yake yapamtima yangosowa osatsanzika.

Choncho ntchito yosintha nambala ya wailesi siithera pa makina oulutsira mawu. Imatha pokhapokha womvera wa kuseri kwa phiri ataipezanso wailesi yake.

Chifukwa chomwe nambala zimasinthira

Nambala yomwe timaitchula tikamati wailesi yakuti imamveka pakuti ndi malo ake a wailesiyo pa mafunde a mumlengalenga. Mafunde a FM ali ndi malire, kuyambira pa 87.5 kulekeza pa 108 MHz, ndipo wailesi zonse za FM m'dziko muno ziyenera kukwana m'kadanga kameneka. Zili ngati dimba la m'dambo lomwe silikula ngakhale ofuna kulimamo achuluke.

Kwa zaka zoposa 30 kuchokera m'chaka cha 1964, dziko lino lidali ndi nyumba imodzi youlutsira mawu ya boma, MBC, ndipo malo sadali vuto. Zinthu zidasintha ulamuliro wa zipani zambiri utabwera m'chaka cha 1994. MBC idatsegula Radio 2 m'chaka cha 1997, lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 lidakhazikitsa MACRA, ndipo wailesi zoima pazokha zidayamba kubadwa motsatizana: Power 101, Capital FM, Radio Maria, kenaka Zodiak m'chaka cha 2005.

Wailesi za m'madera nazo zidachuluka, kuyambira ya Dzimwe ku Mangochi, ya Nkhotakota, ya Mudziwathu ku Mchinji ndi zina zambiri, kuphatikizapo za mipingo. Iliyonse idapatsidwa nambala malinga ndi mpata womwe udalipo pa nthawiyo. Komanso wailesi yomveka dziko lonse siikhala ndi nambala imodzi; imafuna nambala yakeyake pa phiri lililonse pomwe yaikapo makina ake.

Zotsatira zake n'zomwe omvera ambiri amazidziwa: wailesi ziwiri kulankhulira pamodzi, nyimbo kulowerera pakati pa nkhani, kapena wailesi yamphamvu kuphimba yaing'ono yomwe yayandikana nayo nambala. Kuonjezera apo, ofuna kutsegula wailesi zatsopano amasowa malo.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti mafunde sadziwa malire a dziko. Wailesi ya ku Chipata m'dziko la Zambia imatha kumveka ku Mchinji, monga momwe zathu zimamvekera ku Zambia ndi ku Mozambique. Kaamba ka ichi, maiko amagawana nambala potsatira mgwirizano womwe udapangidwa ku Geneva m'chaka cha 1984 pansi pa bungwe la ITU. Mgwirizanowu udaunikidwanso m'maiko a mu Africa, ndipo pomwe ntchitoyo inkatha m'chaka cha 2022, akatswiri adali atapeza malo atsopano a FM oposa 18,000 mu Africa monse.

Chachitatu ndi chitetezo cha maulendo a pandege. Pomwe mafunde a FM athera pa 108 MHz, m'pomwe payambira mafunde omwe ndege zimagwiritsa ntchito potera ndi polumikizana ndi apabwalo. Boma la Dowa lili pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, motero makina oulutsira mawu a m'derali ayenera kukhala osataya mafunde kunja kwa malo omwe adapatsidwa.

Pa zifukwa zitatuzi, palibe angatsutse kuti kukonza nambala n'kofunika. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1998, limapatsa MACRA udindo woyang'anira mafundewa. Nambala si katundu wa mwini wailesi. Ndi chuma cha dziko chomwe iye amangobwereka kudzera m'chiphaso.

Mapiri amathandiza, mapiri amatchinga

Mafunde a FM amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Ichi n'chifukwa chake nyumba zoulutsira mawu zimakonda kuzika milongoti yawo pamwamba pa mapiri, monga a Dowa, Dedza ndi Zomba, kuti mawu afike patali.

Koma phiri lomwe limakweza mlongoti ndi lomwenso limatchinga mudzi womwe uli kuseri kwake. M'dera la zitunda ndi zigwa ngati midzi yozungulira phiri la Ntchisi, nyumba ya pamtunda ikhoza kumva wailesi bwino lomwe pamene ina ya m'chigwa, mtunda wosakwana kilomita imodzi, ikungomva phokoso.

Apa pali mfundo yomwe anthu ambiri amaisokoneza. Kusintha nambala pakokha sikukankha phiri. Chomwe nambala yatsopano ingachite ndi kuchotsa kulowererana kwa wailesi. Kutalika kwa mtunda womwe mawu amafika kumadalira kwambiri mphamvu ya makina, kutalika kwa mlongoti ndi malo omwe mlongotiwo wazikidwa. Choncho ngati wailesi yasintha nambala pamodzi ndi mphamvu ya makina kapena malo oulutsira, midzi ina idzapindula pamene ina idzataya, ndipo otayawo nthawi zambiri ndi a m'mphepete omwe ankamva movutikira kale.

Tisaiwalenso kuti ntchitoyi ndi yosiyana ndi kusamuka kwa wailesi yakanema kupita ku dijito. Wailesi ya FM ikasintha nambala, womvera sagula chipangizo chatsopano. Wailesi yakale ija ndi yokwanira; chofunika n'kusuntha kanyerere basi.

Womvera ali ndi zipangizo zotani?

Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti boma la Dowa lidali ndi anthu oposa 770,000 pamene Ntchisi idali ndi oposa 317,000. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti m'dziko muno banja limodzi mwa mabanja atatu alionse ndi lomwe lidali ndi wailesi, pamene pafupifupi theka la mabanja lidali ndi foni ya m'manja.

Izi zikusonyeza kuti wailesi imodzi kumudzi imatumikira makomo angapo, komanso kuti anthu ambiri amamvera pa foni. Aliyense mwa omverawa amakumana ndi vuto lakelake nambala ikasintha.

Wa wailesi ya mabatire kapena ya sola yopotokola ndi dzanja, makamaka agogo omwe adazolowera kusiya kanyerere pamalo amodzi, akapeza phokoso amayamba kuganiza kuti mabatire atha kapena wailesi yafa. Wa foni amakhala atasunga nambala yakale, ndipo ngati sadziwa kufufuzanso masiteshoni amangoti wailesi ija idatsekedwa. Maganizo oterewa si achilendo, popeza m'chaka cha 2022 wailesi zina zidalandidwadi ziphaso pa nkhani ya ngongole za malipiro a ziphasozo.

Palinso oyendetsa galimoto. Maminibasi ndi matakisi ambiri oyenda mumsewu wa M1 kudutsa pa Mponela ndi Madisi adachokera ku Japan, komwe wailesi zambiri za m'galimoto zimayambira pa 76 n'kulekeza pa 90 MHz. Wailesi yomwe yachoka pansi pa 90 n'kukwera pamwamba imatayiratu omvera amenewa, pokhapokha mwini galimoto ataikitsa kachipangizo koonjezera nambala.

Chomwe chimatayika

Wina akhoza kunena kuti womvera akasowa wailesi imodzi angotsegula ina. Izi n'zoona pa nyimbo, koma osati pa uthenga wa dera. Wailesi ya m'dera ndi yomwe imalengeza za msonkhano wa mafumu, tsiku la katemera, malo ogulira zipangizo zaulimi zotsika mtengo, mbuzi zosowa ndi maliro a pamudzi woyandikana nawo. Wailesi ya Yetu, mwachitsanzo, imaulutsa m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo Chichewa ndi Chiswahili, pofuna kulumikiza anthu oposa 50,000 okhala ku Dzaleka ndi midzi yowazungulira. Womvera wotere alibe kwina kothawira.

Mlimi wa fodya, soya kapena mtedza wa ku Bowe akaphonya uthenga wa mitengo yomwe boma lakhazikitsa, amagulitsa mbewu zake kwa mavenda mwachimbulimbuli. Akaphonya ulosi wa nthambi yoona zanyengo, akhoza kubzala ndi mvula yonama. Pa nthawi ya mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, uthenga wa madzi aukhondo ndi kuthamangira kuchipatala udali nkhani ya moyo ndi imfa.

Nayo wailesi imaluza. Kusintha nambala kumafuna katswiri woti akonze makina ndi mlongoti, kujambulanso tinyimbo todziwitsa wailesiyo, kulembanso zikwangwani, zonsezi ndi ndalama zomwe wailesi za m'madera, zodalira anthu ongodzipereka ndi timalonda tochepa, sizikhala nazo. Omvera akachepa, amalonda nawo amabwerera m'mbuyo.

Zoyenera kuchita

Choyamba, uthenga uzipita nthawi ikadalipo. Wailesi iyenera kulengeza nambala yatsopano kwa masabata angapo isanasamuke, m'Chichewa chomveka, makamaka pa nthawi ya nkhani ndi ya mauthenga achisoni pomwe anthu ambiri amakhala tcheru. Kutchula nambala yokha sikukwanira. Muulutsi auze omvera mbali yomwe asunthire kanyerere ndi wailesi zomwe ayandikane nazo.

Chachiwiri, uthengawu usadalire wailesi yokhayo, chifukwa ikangosamuka siingathenso kulankhula ndi omwe yawasiya. Mafumu, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, magulu omvera wailesi, ngakhalenso a kabaza pa tsiku la msika, onsewa akhoza kufalitsa nambala yatsopano mosavuta. Maofesi a zofalitsa nkhani a m'maboma ali ndi gawo lalikulu pamenepa. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, pomwe mpata ulipo, wailesi iloledwe kumveka pa nambala zonse ziwiri kwa masiku angapo, kapena nambala yakale izingobwereza uthenga wolozera anthu komwe wailesiyo yapita.

Chachinayi ndi nthawi. Kusamuka kusachitike pomwe mvula yoyamba ikuyembekezeka, pa nyengo yogulitsa mbewu, kapena chisankho chikayandikira, chifukwa apa m'pomwe kusowa uthenga kumapweteka kwambiri.

Chomaliza, ntchito ikatha, akatswiri a MACRA ndi eni wailesi asamangoyeza mawu pa maboma ndi m'mphepete mwa msewu wa tala. Atsikire m'zigwa za Bowe, akwere zitunda za Ntchisi, afunse eni midzi ngati akumva. Pomwe papezeka kuti dera lataya wailesi, njira zilipo, monga kukweza mlongoti kapena kuika makina aang'ono othandizira.

Omvera nawo ali ndi mbali yawo. Wailesi ikasowa, asafulumire kuitaya kapena kugula mabatire ena. Ayambe ayendetsa kanyerere pang'onopang'ono kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto, atambasule waya wa wailesi, afunse anzawo, ndipo ngati siikupezekabe adziwitse wailesiyo kapena ofesi ya zofalitsa nkhani ya boma lawo, popeza dandaulo lawo ndi lomwe lingasonyeze akatswiri midzi yomwe yatsala.