TISALUMPHE LACHISANU POTHAMANGIRA LAMULUNGU

Tayandikira masiku opatulika koposa ena onse m'chaka cha mpingo, masiku amene tikumbukira kuzunzika, imfa ndi kuuka kwa Yesu Khristu. Kuno ku Mulanje nyengoyi imatipeza tili otanganidwa. Chimanga chikuuma m'minda, tiyi akadali wambiri wofunika kuthyola, ndipo alendo ochokera ku tauni adzaza m'midzi. Chimene ife akulu a mpingo tiona chaka ndi chaka ndi ichi: Lamulungu la Pasaka tchalitchi chimadzaza kufikira ena kukhala panja, koma Lachinayi madzulo ndi Lachisanu mabenchi ambiri amakhala opanda anthu. Zioneka kuti tikonda kukondwera pa manda otseguka, koma kuima pafupi ndi mtanda tikuzemba. Pa nkhani iyi ndifuna kuti tikambirane.

Ana a sukulu amafunsa kaŵirikaŵiri chifukwa chake Khrisimasi ili ndi tsiku lake lokhazikika pamene Pasaka imasinthasintha. Yankho lake lili m'mwezi wa kumwamba. Ambuye anapachikidwa pa nyengo ya Paskha wa Ayuda, phwando lokumbukira kutuluka m'dziko la Aigupto monga tiŵerenga pa Eksodo 12, ndipo Ayuda aŵerenga miyezi yawo potsata mwezi. M'chaka cha 325 atsogoleri a mpingo anasonkhana mu mzinda wa Nicaea, nagwirizana kuti Akhristu onse azisunga Pasaka tsiku limodzi. Mwambo umene titsata ndi wakuti likhale Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi. N'chifukwa chake Pasaka sibwera 22 Malichi isanafike, ndipo sipitirira 25 Epulo. Makolo, tulukani panja ndi ana madzulo a mlungu umenewo, muwaonetse mwezi. Ndi mwezi womwewo umene unali wathunthu usiku wa ku Getsemane.

Ambiri sadziŵa kuti makolo athu m'chikhulupiriro, Apresbiteriyo a ku Scotland, anakhala zaka zambiri osasunga masiku ameneŵa. Mpingo wawo utakonzedwanso m'chaka cha 1560, iwo anasiya maphwando a chaka poopa kuti anthu angadalire mwambo wopanda mtima. Malangizo a mapemphero amene analembedwa ku Westminster, navomerezedwa mu 1645, anatsimikiza kuti tsiku lopatulika lolamulidwa m'Malembo ndi tsiku la Ambuye lokha. Koma iwo anali ndi nyengo yawo yolemekezeka, nyengo ya Mgonero. Lachinayi ankasala kudya ndi kulapa, Loŵeruka ankamva ulaliki wa chikonzekero, Lamulungu ankakhala pa gome la Ambuye, ndipo Lolemba ankabwerera kudzayamika. Aliyense woyenera kudya ankalandira kachizindikiro kachitsulo kwa akulu a mpingo. Makhadi a Mgonero amene tiwadziŵa m'mipingo yathu anachokera ku mwambo umenewo. Tsono ife lero sitisunga Mlungu Woyera monga lamulo lotipulumutsa. Tiusunga kuti tiyende ndi Ambuye tsiku ndi tsiku, ndi mtima wokonzeka ngati wa makolo aja.

Uthenga wa mtanda sunafike kuno mwaulere. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo mu 1890 Mbusa Robert Cleland anayamba ntchito m'munsi mwa phiri lathu lino. Chaka chomwecho iye anamwalira ndi malungo akadali mnyamata. Mu 1911 Mbusa Harry Kambwiri Matecheta anadzozedwa, mmodzi wa abusa aŵiri oyamba Achimalaŵi a mishoniyo. Anthu aŵa anapereka moyo ndi mphamvu zawo kuti ife timve za Lachisanu lija. Kodi ife tilephera kupereka maora aŵiri?

Tiyambe ndi Lachinayi. Usiku umenewo Ambuye anasambitsa mapazi a ophunzira ake monga kapolo, nakhazikitsa Mgonero. Paulo, pa 1 Akorinto 11, atilangiza kuti munthu ayambe wadziyesa asanadye. Ambuye mwini, pa Mateyu 5, anaphunzitsa kuti wobwera ndi chopereka, akakumbukira kuti pali mlandu pakati pa iye ndi mbale wake, ayambe wakayanjana naye. Mawu aŵa atikhudza kwambiri ife a m'boma lino, kumene malo olima ndi ochepa ndipo anthu ndi ambiri. Milandu yochuluka imene imafika kwa akulu a mpingo ndi ya malire a munda. Mchemwali ndi mchemwali wake, obadwa mimba imodzi, akhala zaka zitatu osapatsana moto chifukwa cha mizere iŵiri ya chimanga, koma Lamulungu amamwera pa gome limodzi. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiwola. Ngati muli ndi mlandu wotere, musadikire kuti mnzanuyo ayambe. Itanani mwinimbumba ndi mkulu wa mpingo wa mlaga wanu, mukhale pansi Lachinayi lisanafike. Mwina malire sadzatha kukonzedwa tsiku limodzi, koma moni ungathe kubwerera tsiku lomwelo.

Lachisanu Loyera boma limapereka tchuthi, monganso Lolemba la Pasaka. Marko atiuza kuti Ambuye anapachikidwa pa ora lachitatu, ndiyo 9 koloko mmaŵa pa kuŵerenga kwathu, ndi kuti mdima unagwa padziko kuyambira 12 koloko masana kufikira 3 koloko. Pa maora omwewo timaona magalimoto odzaza achinyamata akulunjika ku Likhubula kukasambira pa Dziwe la Nkhalamba. Ana anga, kukwera phiri si tchimo. Mulungu ndiye analenga Sapitwa ndi mitsinje yake yonse, ndipo kusangalala nazo n'koyenera. Koma phiri lidzakhalapo Lolemba. Ulendowo usunthireni ku tsiku limenelo, ndipo Lachisanu mukhale m'nyumba ya Mulungu, mafoni anu atazimitsidwa, mumve nkhani yonse ya mtanda kuchokera pa chiyambi kufikira pa mapeto.

Alipo ena amene ntchito siwalola. Anamwino, alonda, apolisi ndi ena ogwira ntchito m'minda ndi m'mafakitale a tiyi sangachoke nthaŵi zonse pamene afuna. Abale otere tisawaweruze. Akulu a mpingo ndi amayi a Mvano akonze mapemphero a madzulo m'milaga kuti iwonso alandire gawo lawo. Tikumbukirenso okalamba ndi odwala amene miyendo yawo siwafikitsanso ku tchalitchi. Kwaya ya achinyamata ikapita kukaimba pa khomo la gogo mmodzi wotere, yachita ntchito yoposa kupambana mpikisano.

Chifukwa chachikulu chimene sitiyenera kulumpha Lachisanu ndi chakuti ife a kuno tidziŵa maliro. Achikulire akumbukira Malichi 1991, pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi nawononga Phalombe, amene pa nthaŵiyo anali mbali ya boma la Mulanje. Ana omwe akumbukira Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba, kukokolola minda ndi kupha anthu mazanamazana m'chigawo chino cha kummwera. Ambiri matupi awo sanapezeke, ndipo abale awo alibe manda oti aloze. Chaka chimenecho Pasaka inali pa 9 Epulo, patangopita milungu inayi, anthu ambiri akadali m'misasa. Munthu wotere ukamuuza za chimwemwe chokha, mawu ako samgwira mtima. Chimene chimamlimbitsa ndi kumva kuti Mwana wa Mulungu analira, anamva ludzu, anasiyidwa ndi abwenzi ake, naikidwa m'manda a munthu wina. Akamva zimenezo, uthenga wakuti Yesu anauka umakhala ndi mphamvu, pakuti wouka uja ndi yemweyo amene analoŵa m'chisoni chathu. Mwana amene sanaphunzire kuima pa mtanda adzasoŵa pogwira tsiku limene tsoka lidzafika pa khomo pake.

Tsono kwa makolo ndipereka ntchito yosavuta. Mitu 6 yomaliza ya Uthenga Wabwino wa Marko ifotokoza mlungu wonsewu mwa dongosolo. Ŵerengani mutu 11 madzulo a Lamulungu la Kanjedza, mutu 12 Lolemba, mutu 13 Lachiŵiri. Mutu 14 ndi wautali. Muugaŵe paŵiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Mutu 15 ndi wa Lachisanu. Loŵeruka musaŵerenge mutu watsopano, koma mutchule maina a abale anu amene anatsogola, muyamike Mulungu chifukwa cha iwo. Mutu 16 muuŵerenge Lamulungu mbandakucha, moto usanakolezedwe. Mwana wamkulu aŵerenge, wamng'ono afunse mafunso, bambo kapena mayi atseke ndi pemphero. Sizitenga nthaŵi yoposa imene mphika wa nsima umatenga kuti upse. Ndipo popeza nyengo ino ndi ya zakudya zatsopano, patulani maungu, mondokwa kapena nyemba pang'ono, ana apite nazo okha kwa mayi wamasiye wa pafupi nanu.

Tikatero, Lamulungu la Pasaka sitidzafika ku tchalitchi ngati alendo ongodzaonetsa zovala. Tidzafika ngati amayi aja amene anapirira pa Gologota, amenenso anakhala oyamba kumva kuti manda ali opanda kanthu. Ambuye wouka kwa akufa adalitse mabanja anu onse, ndipo tionanenso mwezi wamaŵa.