Chikomekome cha Mustang, kunsi kuli dzimbiri

Pali galimoto zina zomwe zikangolira, ngakhale agogo omwe sadagwirepo chiwongolero amacheuka. Kulira kwake n'kwa besi ngati ng'oma ya mpanje, mphuno yaitali, zitseko ziwiri, matayala akumbuyo onenepa. Ambiri m'matauni mwathu tidaziona koyamba m'nyumba zoonetsera kanema, makamaka Dodge Charger yakuda ya 1970 ya mufilimu ya The Fast and the Furious yomwe idatuluka m'chaka cha 2001. Eni ake ku America amazitcha muscle car, kunena kwake galimoto ya madzitho.

Kale chilakolako chinkathera pa benchi la kanema pomwepo. Lero foni yafupikitsa mtunda. Munthu ali pa Mponela kapena pa Luchenza atha kuona Ford Mustang ya 1966 ikutsatsidwa ku Texas, zithunzi mbwee, penti ikuchita kuthobwa m'maso. Bambo yemwe soya wamuyendera bwino, kapena mwana yemwe akugwira ntchito kunja, amayamba kuwerengera ndalama chamumtima.

Abale anzanga, kukonda galimoto yotere si mlandu. Koma langa ndi ili: galimoto ya zaka 50 kapena 60 sagula pa chithunzi. Amene watumiza ndalama munthu wake asanagwade n'kusuzumira kunsi kwa galimotoyo, komanso asanaone mapepala ake, wagula penti basi.

Tiyambe ndi komwe galimotozi zidachokera. M'chaka cha 1964, kampani ya Pontiac idatenga galimoto yake wamba yotchedwa Tempest LeMans n'kuikamo chiinjini cha masilinda 8, cha malita 6.4, n'kuitcha GTO. Chaka chomwecho, pa 17 April, kampani ya Ford idatulutsa Mustang, ndipo pasanathe zaka 2 idali itapanga kale zokwana 1 miliyoni. Ena adatsatira: Dodge Charger ndi Chevrolet Camaro mu 1966, Dodge Challenger kumapeto kwa 1969. Nthawiyo petulo ku America adali wotchipa zedi, kotero palibe ankadandaula za ludzu la injini zikuluzikuluzi.

Chisangalalocho sichidakhalitse. Makampani a inshuwalansi adakweza mitengo, boma lidakhwimitsa malamulo oletsa utsi mu 1970, kenako mu 1973 maiko a Aluya adasiya kugulitsa mafuta ku America ndipo mtengo udakwera. Pofika 1974 nyengo ya galimoto zimenezi idali itatha. Izi zikutanthauza kuti iliyonse ya nthawi imeneyo yadutsa zaka 50. Yadutsa m'manja mwa anthu angati? Yagundidwa kangati? Yagona pamtetete zaka zingati? Chithunzi sichinena.

Kuti mumvetse chomwe chimapatsa mtengo galimoto yotere, tamvani izi. Mu January 2020, mumzinda wa Kissimmee ku Florida, Mustang yobiriwira ya 1968 idagulitsidwa pa okushoni pamtengo wa madola 3.74 miliyoni. Penti yake idali yofwifwa, dzimbiri likuonekera poyera. Koma manambala ake adatsimikiza kuti ndi yomwe katswiri wa kanema Steve McQueen adayendetsa mufilimu ya Bullitt ya 1968. Wogulayo adalipira mbiri yotsimikizika. Odziwa malonda amenewa amayamba ndi manambala ndi mapepala. Achilendofe ndi amene timathamangira kunyezimira.

Apa mpomwe pagona chinyengo choyamba. Galimoto zamphamvuzi zinkafanana thupi ndi zinzake wamba, ndiye n'kosavuta kutenga LeMans, kuimata zizindikiro za GTO, n'kuigulitsa pamtengo wa GTO. Za 1964 ndi 1965 munthu sungazizindikire ndi nambala ya chesesi yokha, mpaka utaitanitsa zikalata za kufakitale ku kampani ya Pontiac Historic Services. Mustang nazo zambirimbiri zidatuluka ndi kainjini ka masilinda 6, ndipo eni ake ena adadzaikamo ya masilinda 8 pambuyo pake. Pa Mustang ya 1965 kapena 1966, chilembo chachisanu pa nambala ya galimoto chimaulula injini yomwe idabadwa nayo: T ndi ya masilinda 6, pomwe C, A ndi K ndi za masilinda 8. Pa Ford zoyambira 1967 pali chikalata chotchedwa Marti Report chomwe chimafotokoza momwe galimoto idatulukira kufakitale. Wogulitsa akamazemba kukupatsani nambala ya galimoto, mutsanzikeni.

Musanyengekenso ndi mtunda womwe ukuoneka pa mita. Mamita a nthawiyo akafika mamailosi 99,999 ankayambiranso pa ziro. Yolembedwa 40,000 itha kukhala kuti idayenda 140,000, mwinanso 240,000.

Koma mdani wamkulu ndi dzimbiri. Kumpoto kwa America, m'madera ngati Michigan, Ohio ndi Indiana, m'nyengo yozizira amathira mchere mumsewu kuti chipale chisungunuke. Mcherewo umadya galimoto kuyambira kunsi. Mustang ndi Charger zilibe chesesi yapayokha ngati ya lole. Thupi lomwelo ndilo mafupa ake. Pansi pakaola, galimoto yonse yaola, kaya pamwamba pakuwala chotani. Okhoma galimoto amadziwa kumata mabowo ndi fila n'kupopera penti yatsopano, ndipo pa chithunzi palibe angazindikire. Koma munthu woima pomwepo ndi kamaginito m'manja amadziwa m'mphindi zochepa, poti maginito sagwira pa fila. Palinso galimoto zina zomwe zidamira m'madzi osefukira, monga a namondwe wa Katrina mu 2005 ndi wa Harvey mu 2017, kenako n'kutsukidwa n'kubwereranso pamsika. Akuluakulu sadaname ponena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinyengo china, choopsa kuposa zonsezi, n'choti galimotoyo kulibeko n'komwe. Akamberembere amaba zithunzi za galimoto ya mwini n'kuziika pa intaneti pamtengo wotsika. Nkhani zawo sizisintha: ati ndi msilikali yemwe akutumizidwa kutali mawa lomweli, ati ndi namfedwa yemwe akufuna kuchotsa galimoto ya malemu, ndiye tumizani ndalama lero chifukwa wina akuifunanso. Apolisi a FBI akhala akuchenjeza anthu a ku America komweko za mchitidwewu. Nanga ngati eni dziko amapusitsidwa, kuli bwanji munthu wa pa Jenda yemwe sangathe kukagogoda pakhomo la wogulitsayo?

Ndiye titani? Mankhwala ake ndi maso. Amalawi alipo ndithu ku America, ku Indiana, ku Texas ndi kwina. Ngati muli ndi m'bale kumeneko, mtumeni. Koma asangopita kukajambulitsa atatsamira galimoto. Apite ndi makaniko wodziwa galimoto zakale, wolipidwa ndi inu, osati wopezedwa ndi wogulitsa. Galimoto ikwezedwe m'mwamba, aone pansi popondapo mapazi, m'buti ndi m'munsi mwa zitseko. Injini ilizidwe ili yozizira, chifukwa yotenthetsa kale imabisa utsi ndi kugogoda. Nambala ya pa galimoto ifanane ndi ya pa chikalata cha umwini, ndipo dzina la pa chikalatacho likhale la munthu yemwe akulandira ndalama. Ndalama yolipira makaniko ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi yomwe mungataye. Safunsa adadya phula.

Tiyerekeze kuti galimoto yapezeka yabwino, mapepala ali m'malo. Ulendo wangoyamba kumene. Pali kuinyamula kuchoka kwa mwini kupita kudoko, pali kontena, pali sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Kuchoka ku Dar es Salaam kufika pa chipata cha Songwe ndi makilomita oposa 800. Galimoto za ku Japan madalaivala amaziyendetsa mtunda wonsewo, koma nkhalamba ya zaka 55 yomwe simukuidziwa mtima wake imafuna kukwezedwa pa lole. Pa chipata mukumana ndi a MRA, ndipo msonkho wa galimoto umatengera mtengo wake, ndalama zonyamulira, kukula kwa injini ndi zaka zake. Yathuyi ndi yokalamba, injini yake malita 5, 6 kapena 7. Kafunseni a MRA ndi a Road Traffic musanalipire tambala, osati galimoto itafika kale. Musaiwalenso kuti zonsezi n'zamadola. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene katundu wake adali panyanja masiku amenewo adagona ndi bajeti ina n'kudzuka ndi ina.

Ikafika pakhomo, nthungululu zikatha, moyo weniweni uyamba. Zambiri mwa galimotozi zimayenda makilomita 5 kapena 6 pa lita. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, ndi malita 50 kapena 60 kupita kokha. Amene adagonapo pamzere wa mafuta mu 2022 kapena 2024 akudziwa tanthauzo lake. Petulo wathunso si yemwe injinizi zidazolowera. Zidapangidwa nthawi ya petulo wa mtovu, yemwe adasiya kugulitsidwa kuno kummwera kwa Africa pofika 2006, ndipo popanda mtovu mavalavu a injini zina zakale amadyeka msanga. Kuonjezera apo, kuyambira 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amadya mapaipi a labala akalekale ndi timalabala ta m'kabuleta, kotero zonsezi ziyenera kusinthidwa, apo ayi petulo adzadontha pa injini yotentha.

Nanga akonza ndani? Amakaniko athu ndi aluso, ndipo injini yakale yopanda kompyuta ambiri angaimvetse. Vuto ndi zida ndi masipeyala. Mabauti a galimoto za ku America za nthawiyo ndi a mainchesi, pomwe masipanala a pansi pa mtengo wa mango pa Ntcheu ndi a mamilimita. Pampu ya madzi ya Toyota mupeza tsiku lomwelo. Ya Charger muyenera kuitanitsa kutsidya kwa nyanja, galimoto ili pamiyala, nkhuku zikuikira m'kati.

Chachikulu pa zonse ndi moyo wa banja. Chiwongolero cha galimotozi chili kumanzere, pomwe ife timayenda kumanzere kwa msewu. Pofuna kupitirira lole pamsewu wa M1, woyamba kuona zomwe zikubwera kutsogolo ndi mayi kapena mwana yemwe wakhala pambali panu, osati inu. Ford idayamba kutulutsa kufakitale Mustang za chiwongolero chakumanja mu 2015. Mabuleki nawo ndi akale. Pa Mustang za 1965 ndi 1966 mawilo onse anayi amadalira mpope umodzi wa mafuta a mabuleki, ndiye paipi imodzi ikabooka, mabuleki onse apita. Mulibe zikwama za mpweya zoteteza pangozi, ndipo zambiri zili ndi lamba wa m'chiuno yekha. Injini ndi ya mkango, mabuleki a njinga. Iyi si galimoto yonyamulira ana kusukulu kapena mayi wapakati kuchipatala usiku.

Amene mtima wakanirira, ayambe wayang'ana pafupi. Dziko la South Africa nalo lidali ndi galimoto zake za madzitho, za chiwongolero chakumanja. Kampani ya Basil Green Motors ya ku Johannesburg idayamba mu 1970 kuika injini ya masilinda 8 mu Ford Capri n'kuitcha Perana, ndipo mu 1973 kudatuluka Chevrolet Firenza Can Am zokwana 100 zokha. Popeza n'zochepa, n'zodula ndipo zonamizira ziliponso. Koma ubwino wa ku Johannesburg kapena ku Durban ngwakuti mutha kukwera basi, n'kukagwada nokha kunsi kwa galimoto. Musabwere nayo popanda chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa.

Ena anena kuti ndalama ndi zawo, ndipo galimoto zotere zimakwera mtengo chaka ndi chaka. N'zoona, zina zimakwera, koma zimakwera komwe kuli ogula, ndipo zokwera kwambiri ndi zija za mapepala okwanira. Inu mukadzapanikizika ndi fizi, pa Dedza adzagula ndani galimoto yomwa malita 60 paulendo umodzi? Ena ati idzadzibweza yokha ponyamula akwati. Mwina. Koma maukwati ndi a Loweruka, pomwe inshuwalansi, matayala ndi masipeyala sizidikira Loweruka.

Maganizo anga ndi akuti galimoto yotere ndi ya munthu yemwe ali kale ndi galimoto ina yodalirika, nyumba yofolera, fizi ya ana ili pambali, ndipo akamba ndi akunyumba kwawo mpaka agwirizana. Woteroyo agule, ndipo tonse tidzatuluka m'magolosale kudzaonerera ikamadutsa. Koma ndalama ya feteleza, ya mpamba wa bizinesi kapena ya ngongole ya kubanki mkhonde isakwere sitima kukagula dzimbiri la ku Ohio.

Ndipo phunziroli si la okonda Mustang okha. Mabanja ambiri m'matauni mwathu akuitanitsa Sienta, Vitz ndi Probox kuchokera ku Japan atangoona pa foni. Mafunso ndi omwewo: waiona ndani, nambala yake ndi iti, ndalama ikupita kwa yani, msonkho ukhala zingati? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto yomwe yadikira zaka 50 singalephere kudikira sabata ziwiri kuti makaniko wanu aione.