Gule ndi mphunzitsi, asasanduke chiopsezo

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, ng'oma zimayamba kulira m'midzi ya kwa Kachere, Kaphuka ndi Chilikumwendo m'boma la Dedza. Ino ndiyo nyengo ya ziliza ndi zinamwali, pomwe gulewamkulu amatuluka kudambwe kudzaphunzitsa anthu mwambo.

Pabwalo pamaoneka zabwino ndi zoipa zomwe. Kasiyamaliro amaperekeza mzimu wa malemu mwaulemu ndipo Chadzunda amakumbutsa za udindo wa bambo pamudzi. Koma kukatuluka Mbiyazodooka, mayi wosagwira mtima, anthu amaseka uku akutolapo phunziro. Gule amavina choipa kuti woonera achite nacho manyazi.

Nzeru yotere ili ndi mitundu inanso. Pachilumba cha Bali ku Indonesia amavina nkhondo ya Barong, chilombo choteteza mudzi, ndi Rangda, mfumukazi ya afiti. 

N'chifukwa chake bungwe la UNESCO lidalemekeza gulewamkulu mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo mu 2006 lidachitanso chimodzimodzi ndi zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, komwe makolo adajambulanso zilombo za nyau. Ku Mua, malo a KuNgoni omwe adayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976 amasunga ndi kufotokoza tanthauzo la magule mazanamazana.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pali anyamata ena amene amabisala m'dzina la gule n'kumatseka misewu, kulanda ndalama amayi ochokera kumsika komanso kuthamangitsa ana opita kusukulu. Ena amagwira anzawo n'kukawalowetsa kudambwe mokakamiza, makolo asakudziwa. Uwu si mwambo ayi, ndi umbanda. Munthu wotere wasiya kudzudzula choipa, wayamba kuchichita yekha. Ndipo nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Amene amanyozeka ndi gule yense.

Mzinda uli ndi mwini wake, ndiye mfumu, ndipo gule satuluka popanda chilolezo chake. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mafumu ndi akuluakulu a kudambwe akhwimitse malamulo: gule atuluke pamwambo wodziwika, atalikire sukulu nthawi ya maphunziro, ndipo womenya kapena kulanda za eni akaonekere kupolisi ngati wina aliyense.

Nawo amipingo ndi onse osalowa gule alemekeze bwalo ndi dambwe, pakuti ulemu n'kubwezerana.

Mwana amene wathamangitsidwa ndi chikwanje lero sadzakhala pansi mawa kumvetsera zomwe Chadzunda akuphunzitsa. Mafumu asalole zifike pamenepo.