Kodi mwana akufunika chiphaso pokwera ndege ya m'dziko momwe muno?

Ndege ikanyamuka pabwalo la Kamuzu International Airport ku Lumbadzi, kufupi ndi malire a Lilongwe ndi Dowa, ola silikwana isanatere ku Chileka mumzinda wa Blantyre. Ulendowu sudutsa malire a dziko, choncho pasipoti siikhala yokakamiza. Munthu wamkulu ali ndi chiphaso cha unzika chosonyeza kuti dzina lili patikiti ndi lakedi. Nanga mwana yemwe wamugwira dzanja aonetsa chiyani?

Lamulo la kalembera wa nzika la 2010, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2015, limapereka chiphaso cha unzika kwa munthu wazaka 16 kapena kuposerapo. Pakalembera wamkulu wa 2017, nthambi ya National Registration Bureau idalemba anthu oposa 9 miliyoni, koma ana sadali m'gululo. Mwana wosafika zaka 16 amadalira chikalata cha kubadwa, chomwe chilibe chithunzi koma chimatchula tsiku lobadwa ndi maina a makolo.

Maiko amasiyana pankhaniyi. Ku America, nthambi yachitetezo cha pabwalo la ndege ya TSA siifunsa chiphaso kwa mwana wosafika zaka 18 yemwe akuyenda ndi wamkulu m'dzikomo. Ganizo lawo n'lakuti chitetezo cha ndege chagona pa kusecha: mwana ndi chikwama chake amadutsa pamakina monga wina aliyense, ndipo dzina lake silionjezera kanthu pofufuza zida. Dziko la South Africa lidayang'ana mbali ina. Mu 2015 lidalamula kuti mwana aliyense wolowa kapena kutuluka m'dzikomo akhale ndi chikalata cha kubadwa chotchula makolo, pofuna kuthana ndi kuzembetsa ana. Lamuloli adalifewetsa mu 2019 kwa ana akunja oyenda ndi makolo awo, makampani okopa alendo atadandaula kuti mabanja ankabwezedwa pabwalo.

Apa zikuoneka kuti chikalata cha mwana sichiteteza ndege; chimateteza mwanayo. Chimathandizanso kutsimikiza zaka zake, popeza makampani a ndege amalipiritsa mosiyana khanda losafika zaka ziwiri, lomwe limakhala pamiyendo pa kholo, ndi mwana wofuna mpando wakewake. Koma chachikulu n'chakuti chimayankha funso lakuti wamkuluyo ndi ndani kwa mwanayo.

Funso limeneli si lachilendo ku Dowa. Msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, womwe udatsegulidwa mu 1994, tsopano ukusunga anthu oposa 50,000. Mu 2022, bungwe la UNODC lidalengeza kuti mogwirizana ndi apolisi lidapeza anthu ozembetsedwa mumsasawu, ena mwa iwo ana. Malawi ali ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, ndipo lamuloli limagwira ntchito ngakhale wozembetsedwayo asanatuluke m'dziko. Wofuna kuti mabwalo a ndege azifunsa chikalata cha mwana aliyense ali ndi mfundo yomveka.

Vuto lili pa kupezeka kwa chikalatacho. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 adapeza kuti ana 67 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu adalembetsedwa, koma ochepa kwambiri mwa iwo ndiwo adali ndi chikalata m'manja. M'midzi ya m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa, pepala lomwe mayi amasunga mosamala ndi buku la kusikelo. Kukatsata chikalata kuboma kumafuna ndalama ya kabaza kapena minibasi, komanso tsiku lathunthu lomwe munthu akadalima.

Palinso nkhani ya kaleredwe kathu. Pakati pa Achewa, mwana amakula ndi agogo, amalume kapena amayi aang'ono, ndipo si zachilendo kuti dzina lake lisiyane ndi la womulera. Lamulo louma lofuna kuti maina afanane likhoza kubweza agogo omwe akupita ndi mdzukulu wodwala kuchipatala cha Queen Elizabeth, pamene wozembetsa ana akudutsa mosavuta pamsewu wa M1. Ana ambiri m'dziko muno amayenda pa basi ndi pa matola, kumene palibe wofunsa za chikalata. Kukhwimitsa pabwalo pokha kuli ngati kutseka khomo la kutsogolo, la kuseri lili pululu.

Choncho yankho siliyambira ku Lumbadzi. Liyambira m'chipinda cha amayi oyembekezera ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo, komanso m'kaundula wa nyakwawa, kumene mwana ayenera kulembedwa akangobadwa ndi kulandira chikalata chake makolo asanatope n'kudikira. Chikalata chikafika kwa mwana aliyense, kuchifunsa pabwalo la ndege sikudzakhala chilango kwa osauka.

Pakadali pano, kholo lanzeru linyamule chikalata cha kubadwa paulendo ulionse wa pandege, ndipo lifunse kampani ya ndege zofunika pogula tikiti. Ngati mwana akuyenda ndi wachibale, kalata ya chilolezo yochokera kwa makolo, yokhala ndi nambala yawo ya foni, ingathetse mafunso ambiri. Akuluakulu oyendetsa mabwalo ndi makampani a ndege nawo ayenera kulemba poyera, m'Chichewa chomveka, zomwe amafuna kwa mwana, kuti banja lisadzazimve koyamba ndege ili pafupi kunyamuka.