Makutu a Bwana ndi Makutu a Wapachigayo

Pakati pa anthu ophunzira a kuno ku Luwinga, aphunzitsi a pa yunivesite, madokotala a pachipatala chachikulu ndi anzathu a m'mabungwe, pabuka mtsutso umene sufuna kutha. Munthu akangolandira kalata yomuitanira ku msonkhano ku Nairobi kapena ku London, amayamba kufunsa anzake kuti agule mahedifoni ati oti akamutsekere phokoso m'ndege. Wina amalumbirira Bose, wina Sony, wina amati Apple basi, zinazo n'zoseweretsa ana. Ine anthu amenewa ndilibe nawo mlandu. Ulendo wathu ndi wautali ndithu. Timayamba ndi basi, makilomita oposa 300 mumsewu wa M1 kukafika pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, kenaka maola pafupifupi 4 mpaka ku Addis Ababa, ndi enanso pafupifupi 8 ngati tikupitirira ku London. Aliyense amafuna kukafika mutu usakuwawa.

Chimene ndikutsutsa n'chakuti nzeru yonse yoteteza khutu tayisandutsa nkhani ya apaulendo a m'mwamba, pamene makutu amene akufa tsiku ndi tsiku ali pansi pompano, m'zigayo, m'malo ochekera matabwa ndi mowotcherera zitsulo. Kuti mfundo yanga imveke, ndiloleni ndiyambe ndi mahedifoniwo, chifukwa amene wamvetsa mmene amagwirira ntchito sangachedwe kuona kumene ndikulowera.

Mawu amayenda mumpweya ngati mafunde a panyanja, kukwera ndi kutsika. Mahedifoni otchedwa noise-cancelling ali ndi timaikolofoni timene timamva phokoso lakunja, ndipo kachipangizo kam'kati kamapanga funde lina lotsutsana nalo: pamene phokoso likukwera, ilo limatsika, pamene likutsika, ilo limakwera. Mafunde awiriwa akakumana pakhutu amafafanizana. Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mjeremani wina, Paul Lueg, adailembetsa m'zaka za m'ma 1930. Mu 1978 Amar Bose adakhumudwa ndi phokoso la injini ali m'ndege kuchokera ku Ulaya, ndipo adayamba kuwerengera masamu ake ali pampando pomwepo. Mu 1986 Dick Rutan ndi Jeana Yeager, amene adazungulira dziko lonse pandege ya Voyager osatera, adavala mahedifoni oyeserera a kampani yake. Taonani bwino apa: oyamba kuganiziridwa adali oyendetsa ndege, anthu apantchito, kuti asagonthe. Anthu wamba adayamba kugula mahedifoni a QuietComfort m'chaka cha 2000.

Kachipangizo kameneka kali ndi malire ake. Kamapambana pa phokoso lapansipansi, long'ung'uza mosasintha, monga la injini ya ndege kapena ya basi. Mwana akalira pampando wakumbuyo mumumva. Mnzanu akamayankhula mumumva. Chitseko chikamenyeka mudzidzimuka monga mwa nthawi zonse. Ndipo ululu wa m'makutu umene umabwera ndege ikamatera suchokera ku phokoso. Umabwera chifukwa cha kusintha kwa mphamvu ya mpweya, ndipo mankhwala ake ndi kumeza malovu kapena kuyasamula, zinthu zaulere.

Tsono amene akusankha asayambe ndi dzina. Ayambe ndi kuvala. Mahedifoni ovindikira khutu lonse amatseka bwino ngati khushoni yake yagwira mutu popanda mpata, koma amalemera, amatentha, ndipo kwa ovala magalasi timiyendo ta magalasiwo timasiya kampata kolowera phokoso. Tolowetsa m'khutu n'topepuka ndipo munthu angathe kugona nato chammbali, koma batire yake simachedwa kutha. Funsani ngati batire ingakufikitseni kumene mukupita. Funsani ngati pali chingwe, chifukwa makanema a pampando m'ndege zambiri amafunabe chingwe, ndipo mipando ina ili ndi mabowo awiri. Werengani pabokosi mosamala: zilembo za ANC ndizo zikunena zotsekera phokoso khutu lanu, pamene ENC kawirikawiri amangoyeretsa mawu anu kuti amene mukuyankhula naye pafoni akumveni bwino. Ambiri apusitsidwa pamenepa. Musanapereke ndalama, valani, yatsani popanda nyimbo iliyonse pafupi ndi jenereta kapena firiji yolira. Ngati kung'ung'uzako sikunazilale, bwezani, ngakhale bokosi litanyezimira chotani. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Phindu lenileni la mahedifoni abwino ndi loti safuna kuti mukweze nyimbo. Wovala wamba amalimbana ndi injini pokweza voliyumu mpaka kumapeto, ndiye kuti wawonjezera phokoso pa phokoso linzake. Apa ndi pamene nkhani yathu ikutsikira pansi.

Phokoso amaliyeza m'madesibelo. M'ndege yomwe yakhazikika m'mwamba limakhala pakati pa 75 ndi 85. Bungwe la ku America loona za umoyo wa anthu pantchito la NIOSH limati munthu asapitirire maola 8 patsiku m'phokoso la madesibelo 85, ndipo pakawonjezeka madesibelo 3 okha nthawiyo idulidwe pakati. Ndiye kuti pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2, pa 94 ndi ola limodzi, ndipo pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Akatswiri ali ndi muyeso wina wosafuna makina: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene waima mkono umodzi kuchokera pamene muli akumveni, phokosolo lafika kale pamlingo woopsa.

Tsopano tengani muyeso umenewu mupite nawo pachigayo chilichonse cha m'dera lathu lino. Kodi alipo amene adakambapo nkhani ndi mnyamata wapachigayo makina akulira? Timalankhula naye ndi manja. Timamulozera thumba, iye n'kugwedeza mutu. Ife timaima pamenepo mphindi khumi, n'kutuluka makutu akulira, tikudandaula. Iye amatsegula m'mawa n'kutseka madzulo, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo nyengo yokolola mzere wa amayi sutha. Pitani nawo muyesowo kwa anyamata ocheka ndi kupala matabwa ochokera ku Chikangawa, kwa opala zitsulo m'mbali mwa msewu wa ku Ekwendeni, kwa ogwira ntchito m'mafakitale. Muwerenge amene atseka makutu. Zala za dzanja limodzi zikukwanirani.

Bwana amakwera ndege kawiri kapena katatu pachaka, m'phokoso limene silifika n'komwe pa la chigayo, ndipo ali wokonzeka kutaya madola oposa 300 kuti makutu ake apume. Mnyamata uja amakhala m'phokoso loposa pamenepo chaka chonse, ndipo palibe amene adamugulirapo tisiponji totseka m'makutu, timene mtengo wake ndi wa botolo la chakumwa. Nthawi zina bwana wa mahedifoni ndi mwini chigayo amakhala munthu mmodzi yemweyo. Khutu lake amalidziwa kuti ndi lanyama. La wantchito wake amaliyesa lachitsulo.

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ngati titsitsi, pafupifupi 15,000. Phokoso lalikulu limatiwononga pang'onopang'ono, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe jekeseni, palibe mankhwala azitsamba, palibe opaleshoni yotibwezeretsa. Choopsa n'chakuti kugontha kotereku sikupweteka. Kumayamba ndi kulira kwa m'makutu usiku. Kenaka munthu amamva kuti anthu akuyankhula koma mawu sawagwira bwino, makamaka pagulu. Amayamba kukweza wailesi, kufunsa kawirikawiri kuti mwati bwanji, kuyankha zosagwirizana ndi funso. Anthu amamuseka, mkazi wake amati ndi mwano, ana amaleka kumuuza nkhani. Pofika zaka 40 ali yekhayekha pakati pa abale ake. Pamsewu hutala ya galimoto saimva msanga. Ntchito ina akakafunsira amamubweza.

Mu 2021 bungwe la WHO lidalengeza kuti anthu oposa 1.5 biliyoni padziko lapansi ali ndi vuto lakumva, ndipo mwa iwo 430 miliyoni akufunika thandizo. Kwathu kuno thandizolo ndi lapatali. Kwa zaka zingapo dziko lonse la Malawi lidadalira dokotala mmodzi yekha wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi kukhosi, Dr Wakisa Mulwafu wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Zinthu zasinthako, koma makina othandiza kumva ndi okwera mtengo, amafuna mabatire, ndipo sabweza khutu mmene lidalili. Dziko losauka ngati lathu lilibe mwayi wodikira kuti anthu agonthe kaye.

Ndikudziwa zimene ena anene. Oyamba ati anyamatawo adazolowera, phokoso siliwavutitsa. Abale anga, khutu silizolowera phokoso. Chimene timachitcha kuzolowera ndiko kugontha kumene. Munthu akanena kuti makina sakumusokosanso ngati kale, akutiuza kuti mbali ina ya khutu lake yapita.

Achiwiri ati wapachigayo ayenera kumva kulira kwa makina kuti adziwe ngati lamba wamasuka kapena sefa yang'ambika, ndiye akatseka makutu aononga katundu. Zotseka m'makutu sizisandutsa munthu gonthi. Zimangotsitsa phokoso, ndipo kusintha kwa kaliridwe ka makina kumamvekabe. Ogwira ntchito m'migodi ya ku Joni ndi okokera ndege pabwalo amavala zimenezi tsiku lonse ndipo ntchito imayenda. Amene sangamve lamba akamasuka ndi uja wakhala zaka khumi osavala kanthu.

Achitatu ati tili ndi mavuto aakulu, njala, malungo, kusowa kwa ntchito, ndiye za makutu zidikire. Mfundo imeneyi ikadakhala yomveka kukadakhala kuti kuteteza khutu kumafuna ndalama za boma zankhaninkhani. Koma pano tikunena za kanthu kotsika mtengo kuposa sefa imodzi ya chigayo. Mwini makina amagula dizilo, amalipira magetsi, amasintha malamba ndi mabeyaringi osadandaula, chifukwa akudziwa kuti makina akafa ndalama yaima. Wantchito akagontha amangolemba wina. Si umphawi umenewu. Ndi kuwerengera kuti munthu ndi wotsika mtengo kuposa chitsulo.

Ndiponso si nkhani ya chifundo. Lamulo la dziko lino la 1997 lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act lidaika udindo pa wolemba ntchito woteteza moyo ndi thanzi la antchito ake. Lamulo lilipo, chimene chimasowa ndi munthu wolowa m'chigayo n'kufunsa. Ndikupempha oyendera malo a ntchito ndi opereka ziphaso za malonda kuti pamndandanda wa zimene amayang'ana aikepo makutu. Chigayo chisalandire chiphaso ngati mwiniwake sangaonetse zovindikira makutu za antchito ake. Ocheka matabwa chimodzimodzi. Kumene n'kotheka antchito azisinthana, wina maola ochepa pamakina, wina panja polandira ndalama, monga mmene masamu aja a madesibelo akutiuzira.

Koma wina asamve molakwa n'kukagulira wantchito wake mahedifoni a nyimbo. Ndaonapo anyamata ena pamakina atalowetsa timahedifoni ta foni m'makutu, nyimbo zili pamwamba, akuyesa kuti adziteteza. Amenewo akuthira mafuta pamoto. Ngakhale mahedifoni okwera mtengo a m'ndege aja sadapangidwe kuti akhale chitetezo cha pafakitale. Pamakina pamafunika tisiponji toviringa ndi zala n'kulowetsa bwino m'khutu, kapena zovindikira zolimba zopangidwira ntchito imeneyo, ndipo pamene phokoso lanyanya, zonse ziwiri pamodzi. Thonje lopota sililetsa kanthu kwenikweni.

Ifenso ogayitsa tili ndi mbali yathu. Ufa umene timadya m'nyumba zathu muno mu Luwinga umadutsa m'manja mwa mnyamata ameneyu. Timadziwa kukangana ndi mwini chigayo mtengo wa ndowa ukakwera, timadziwa kudandaula ufa ukatuluka wamiseremisere. Tiphunzirenso kufunsa kuti, achimwene, mwanayu bwanji sadavale kanthu m'makutu? Funso lotere likabwera kuchokera kwa amayi khumi pamzere, mwini chigayo amva msanga kuposa kalata ya ku ofesi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pa 3 Malichi chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku la kumva. Ndikadakonda kuti chaka china tsikuli tisalichitire m'holo ya hotela ndi zokuzira mawu. Ophunzira za unamwino a pa yunivesite ya Mzuzu ndi ogwira ntchito zachipatala atenge makatoni a tisiponji tija, ayende chigayo ndi chigayo kuyambira ku Luwinga mpaka ku Zolozolo ndi ku Chibavi, aonetse anyamata kavalidwe kake m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndipo alembe chiwerengero cha amene makutu awo ayamba kale kulira usiku. Chiwerengero chimenecho chikafike patebulo la amene amapereka ziphaso.

Kwa inu amene mukukonzekera ulendo, gulani mahedifoni anu, sankhani mwanzeru, ndipo mukagone bwino m'ndege. Koma ngati muli ndi chigayo, makina a matabwa kapena shopu yowotcherera, yambani mwagula zotseka makutu za antchito anu musanakwere basi ya ku Lumbadzi.