Nthabwala za chisuweni zisasanduke mpeni

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma m'boma la Kasungu, pamzere wa malole pamakumana mitundu yambiri. Mchewa wa kwa Santhe, Mtumbuka wa ku Mzimba ndi Mlhomwe yemwe makolo ake adachoka ku Thyolo kudzalima fodya m'maesiteti, onse amadikira limodzi kuti mabelo awo alowe, ndipo podikirapo amaserewulana. Wina amati mnzake sadziwa ndi kuwaula mbewa komwe, winayo n'kubweza kuti anthu a kwa mnzakeyo amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Akatha kuseka amagawana chimanga chootcha.

Izi sizachilendo. Pakati pa Achewa, mwana wa amalume ndi msuweni, ndipo msuweni amatha kunena mawu omwe mlendo atawanena akhoza kulipitsidwa nkhuku kwa amfumu. Agogo amatcha mdzukulu wawo mwamuna wanga kapena mkazi wanga. Ngakhale pamaliro, adzukulu okumba manda amaponyamo nthabwala, anamfedwa n'kupumako pang'ono.

Kutsidya kwa malire, m'dziko la Zambia, chisuweni chidafika pomanga mitundu iwiri. Abemba ndi Angoni a Mpezeni ankathirana nkhondo m'zaka za m'ma 1800, koma lero ali pa ubale womwe amautcha chimbuya. Abemba amati anthu akummawa ndi odya mbewa, iwo n'kuyankha kuti Abemba amadya anyani. Pamwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, womwe umachitika mu February, Abemba amabwera ndi nthabwala zawo, palibe amakwiya. Mngoni akamwalira, Mbemba yemwe ankamunyozayo amakhala patsogolo pantchito ya maliro.

Azungu nawo ali nacho chisuweni chawo. Anthu a ku Australia amatcha Mngelezi kuti Pom, ndipo amati ndi munthu wongokhalira kudandaula. Angelezi amabweza kuti anzawowo ndi zidzukulu za akaidi, poti kuyambira 1788 mpaka 1868 dziko la Britain lidatumiza kumeneko akaidi oposa 160,000. Amawasekanso kuti amadula mawu ngati aulesi, masana kukhala arvo, kootchera nyama kukhala barbie. Mchaka cha 1882 Australia itagonjetsa England pamasewero a kriketi ku London, nyuzipepala ina idalemba uthenga wamaliro wonena kuti kriketi ya Angelezi yafa ndipo phulusa lake lipita ku Australia. Mpikisano wa maiko awiriwa mpaka lero umatchedwa Ashes, kutanthauza phulusa.

Chomwe chimachititsa kuti zonsezi zikhale nthabwala n'chakuti wonyozedwayo ali ndi pakamwa pobwezera. Mbemba ndi Mngoni akaserewulana, palibe amaopa kuti mawa achotsedwa ntchito.

Apa ndi pomwe Kasungu akuyenera kusamala. Mwini esiteti akamauza munthu womulimira fodya kuti Anguru inu simukhuta, munthuyo amaseka chifukwa chimanga cha ana ake chili m'nkhokwe ya bwanayo. Kuseka koteroko ndi kwa mantha. Lamulo lomwe Nyumba ya Malamulo idasintha mchaka cha 2021 lidaletsa ulimi wa matenanti, koma lamulo silitsuka pakamwa pa munthu. Dzina loti Anguru eni ake Alhomwe sadalikonde chiyambire nthawi ya atsamunda, monga momwe Atumbuka ambiri sakondera kutchedwa mbwenumbwenu.

Boma la Kasungu lili pamalire a Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo mabanja ambiri a ku Nkhamenya ndi Chatoloma amalankhula zonse ziwiri. Akuluakulu akukumbukira kuti mchaka cha 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ya MBC, ndipo mchaka cha 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kuchigawo chakwawo. Munthu yemwe bambo ake adakwezedwa lole nthawi imeneyo, nthabwala yoti bwererani kwanu imamulasa pachilonda.

Andale nawo adaiphunzira njira imeneyi. Amanyoza mtundu wina pamsonkhano, anthu akadandaula n'kumati kunali kucheza chabe. Msuweni weniweni amakunyoza uli pomwepo, ndipo mawa amabwera kudzakuthandiza kusoka fodya m'chigafa. Wandale amanyoza anthu omwe pamsonkhanopo palibe, akatero galimoto n'kuliza kubwerera ku Lilongwe.

Palibe akufuna kuti anthu asiye kuseka pa Chinkhoma, pamsika wa Kasungu kapena pabwalo la mpira. Koma mafumu omwe amalipitsa munthu wotukwana mnzake aweruzenso chimodzimodzi bwana wonyoza mtundu wa antchito ake. Nawo aphunzitsi aakulu m'sukulu zoyandikana ndi maesiteti atchere khutu pabwalo nthawi yopuma, chifukwa kumeneko mwana wa mlimi wobwera amaitanidwa ndi dzina la mtundu wake chaka chonse, ena mpaka osadziwa dzina lomwe makolo ake adamupatsa.