Njala ya Febuluwale imayamba m'Meyi

M'midzi yathu yambiri njala siibwera ngati mlendo wodzidzimutsa. Timaidziwa nthawi yake: kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene chimanga chakale chatha ndipo chatsopano chisanache. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndi ng'amba ya 2024, imene inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, zinawonjezera ululu pa bala limene linalipo kale. Mvula sitingailamule. Koma ife amene timayenda m'makomo kukamba za umoyo taona kuti pakati pa mabanja osauka mofanana, ena amaoloka miyezi imeneyi ana ali bwino. Kusiyana kwake kumayambira pa nthawi yokolola.

Mu Meyi ndi Juni mavenda amafika ndi masikelo awo, mtengo uli pansi. Banja limagulitsa chifukwa pali ngongole, fizi, sopo ndi mchere, ndipo sitingaliweruze. Vuto ndi lakuti mu Januwale timakagula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera kwambiri. Ndalama zikasowa, bambo ndi mayi amapita ku ganyu, munda wawo n'kumera tchire, zokolola za chaka chamawa n'kuchepanso. Umphawi umazungulira motero.

Choncho tisanagulitse ngakhale ndowa imodzi, tikhale pansi pamodzi, bambo, mayi ndi ana okulirapo. Tiwerenge kuti thumba la makilogalamu 50 limatha masiku angati pakhomo pathu. Ngati limatha mwezi umodzi, tikufunika matumba 12 kuti tikafike kukolola kwina. Zikapanda kukwana, tidziwiretu lero kuti mpata wotsalawo tidzautseka ndi chiyani: chinangwa, mbatata, dimba la m'chilimwe kapena geni yaing'ono. Chinthu chimene mwagwirizana awiri n'chovuta kuti mmodzi akachigulitse mobisa. Mutu umodzi susenza denga.

Zimene tasungazo tiziteteze. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'thumba, ndipo matumba asakhudze pansi kapena khoma. Matumba a PICS, akamangidwa bwino, amapha anankafumbwe popanda mankhwala chifukwa salowetsa mpweya. Mtedza wa chuku tiutaye, tisausinjire ana, chifukwa poizoni wake amawononga chiwindi.

Tisamasunge chimanga chokha. Soya, nandolo, khobwe ndi mtedza ndi zimene zimamanga thupi, koma ndi zimenenso timayamba kugulitsa. Tisiyeko gawo la pakhomo. Nkhwani, khwanya ndi chitambe tifutse pamene zili zambiri, kuti mfutso udzatithandize masamba akadzasowa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Phala la mgaiwa lopanda kanthu limadzaza mimba koma silikuza mwana. Sakanizani makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga, mukagayitse, ndipo pophika muthire nsinjiro. Mwana akayamba kutupa mapazi onse awiri kapena kuwonda msanga, musadikire tsiku la sikelo. Pitani naye kuchipatala.

Pa za ndalama, banki m'khonde ndi yabwino kuposa katapila, bola tikongole zimene tingathe kubweza. Kandalama kochepa koika sabata iliyonse kangalipire fizi popanda kutsegula thumba la chimanga.

Pomaliza, tiyang'ane kuseri kwa mpanda wathu. Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli agogo amene akulera adzukulu amasiye, kapena mayi amene akusamala wodwala ndipo sanalime mokwanira. Iwo sangasunge chimene sanakolole. Mabanja angapo akagwirizana kupatula mbale imodzi imodzi tsopano, kapena kukawalimira tsiku limodzi mvula ikagwa, khomo limenelo silidzagona ndi njala. Makolo athu ankati kupatsa n'kuika.